Kuyesa ubongo pakhomo ndi madishi atatu, rula ndi machisa

Mwana wa mlongo wanga alemba giledi 12 chaka chino ndipo mutu wa nervous system mu biology unamuvuta maningi. Anabwera kwathu kuno ku Kapata, mu Chipata, ndi kope lodzaza zojambula, diso lojambulidwa bwinobwino, khutu, mayina onse analoweza, koma nditamufunsa kuti iwe ukakhudza mphika wotentha pa mbaula n'chiyani chimachotsa dzanja lako usanaganize n'komwe, anangondiyang'ana. Ati amalume ife timangokopa za pa bolodi. Zinandiwawa chifukwa mwanayo ndi wanzeru, kungoti kusukulu kwawo zipangizo kulibe. Ndiye tinayamba kuyesa tokha madzulo pakhonde, ndi zinthu za m'nyumba chabe, ndipo ndikulemba apa kuti nanunso muyese ndi ana anu, olo mwekha.

Musanatenge chipangizo chilichonse yambani ndi mawu athu akuti kumva. Ife timati ndamva belu la njinga, ndamva kuwawa, ndamva fungo la kapenta, ndamva kukoma, ndamva kuzizira, mpaka munthu akakufotokozera nkhani bwino umati ndamva. Mawu amodzi omwewo. Ine ndimaona kuti makolo athu analasa pamenepa, chifukwa m'thupi zilidi choncho. Khutu, khungu, lilime, mphuno ndi diso lomwe, ntchito yawo ndi imodzi, kusandutsa zinthu za kunja kukhala timauthenga ta magetsi toyenda m'mitsempha. Osati mitsempha ya magazi ayi, koma ina ija imene m'buku amati ma nerve. Ubongo uli mumdima m'chigaza umo, sunaonepo dzuwa, sunakhudzepo madzi. Umangolandira timauthengato n'kupanga nkhani yakuti kunjaku kuli chakuti. Nkhani imeneyo nthawi zambiri imakhala yolondola koma pena imaphonya, ndipo zoyesa zonse zili m'munsimu ndi njira zoupezerera ubongo uli pantchito.

Timaselo togwira ntchitoyi ndi manyuroni, ndipo mu ubongo wa munthu alimo pafupifupi mabiliyoni 86. Ubongowo kulemera kwake ndi kilo imodzi ndi magalamu 300 kapena 400 basi, koma umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse za thupi munthu akakhala phee. Manyuroni sanalumikizane ngati waya umodzi wautali, pakati pawo pali kampata kakang'ono, synapse, ndiye uthenga ukafika pamenepo umaoloka ndi timankhwala. Amene analimbikira kuti nyuroni iliyonse ndi selo payokha anali Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1906 pamodzi ndi Camillo Golgi wa ku Italy, yemwe anapeza njira yodetsera timaseloto kuti tioneke pa maikulosikopu. Awiriwa sankagwirizana pa mfundo yomweyi.

Choyamba kuyesa ndi rula ya masentimita 30. Gwirani rula kumwamba kwake ilendewere, ziro akhale pansi. Mwana aike chala chachikulu ndi chamkombaphala mbali ziwiri za ziro koma asakhudze. Musawerenge wani thuu, ingosiyani mwadzidzidzi, iye agwire. Onani wagwira pa nambala yanji. Ambiri amagwira cha pa 15 mpaka 25, ndipo rula ikagwa masentimita 20 ndiye kuti papita gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Nthawi imeneyo ndi ya ulendo wonse, diso laona, uthenga wapita kumbuyo kwa mutu kumene kuli mbali ya ubongo yoona, ubongo wagamula, lamulo latsika mumsana mpaka ku zala. Yesani kakhumi mulembe, kenaka yesaninso uku mukumufunsa times table ya 7. Muona yekha akuyamba kuphonya rula. Apo mpamene mumuuze za oyendetsa njinga ndi mahonda amene amadina foni pa mseu.

Za mphika wotentha zija ndi zina. Uthenga wa kupsa ukafika mumsana, msanawo umabweza lamulo pompo kuti dzanja lichoke, osadikira ubongo. Ubongo umauzidwa pambuyo, n'chifukwa chake mayo! amatuluka dzanja litachoka kale. Mukafuna kuona zimenezi popanda kuotcha munthu, mwana akhale pa tebulo miyendo ilendewere, mugogode pang'ono ndi m'mbali mwa dzanja pansi pa bondo pomwe pali pofewa. Mwendo udumpha wokha. Komanso mufunseni ngati anapunthwapo chala pa mwala atavala mapatapata. Pamakhala kuwawa kuwiri, koyamba kolasa msanga, kenaka patapita kanthawi kwina kobanda kuja kokhalitsa. Ndi mitsempha iwiri yosiyana. Yokutidwa ndi mafuta otchedwa myelin imathamanga, yothamanga koposa m'thupi imafika mamita 100 ndi kuposa pa sekondi, pomwe yopyapyala yosakutidwa imayenda cha pa mita imodzi pa sekondi.

Manje madishi atatu, ichi ndiye chimene ine ndimakonda. Dishi loyamba madzi ozizira, a mufiriji kapena a mumtsuko m'mamawa wa mu June. Lachitatu madzi ofunda ngati osambitsira mwana, chonde osati owira, yambani mwayesa ndi chigongono chanu. Lapakati sakanizani, akhale apakatikati. Mwana aviike dzanja lamanzere m'ozizira, lamanja m'ofunda, akhale choncho miniti yathunthu, musafulumire. Kenaka manja onse awiri alowe mu dishi lapakati nthawi imodzi.

Wathu uja anakuwa kuti amalume madziwa ali pawiri! Dzanja lochokera kozizira limati ndi ofunda, lochokera kofunda limati ndi ozizira, dishi limodzi lomwelo. Ndinamufunsa kuti nanga dzanja liti likunama, anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana m'madzimo, ndipo ine ndinadziwa kuti lero phunziro lalowa. Khungu si themometa. Limazolowera pomwe lili n'kumanena za kusintha. Ndi chifukwa chomwecho mukalowa mbali yogulitsira nsomba zouma pa msika fungo limakumenyani koma amayi ogulitsa salimvanso, ndipo malaya amene mwavala simukuwamva pathupi mpaka pano pamene ndawatchula. Kuzolowera kumeneku n'kothandiza, ubongo umasiya zakale kuti utchere zatsopano, koma kuli ndi kuopsa kwake. Utsi wa mbaula m'nyumba yotseka umazolowereka, ndipo mpweya woipa umene malasha amatulutsa, carbon monoxide, ulibe fungo n'komwe, mphuno siingakuchenjezeni. Nyengo yozizira mbaula isagone m'nyumba.

Pomwepo mutha kukamba za mpilipili. Bwanji timati ikuotcha pomwe ndiwo zazizira kale? M'mitsempha ya pakhungu ndi m'kamwa muli kachitseko kotchedwa TRPV1 kamene kamatseguka kutentha kukapitirira madigiri 43, ndipo mankhwala a mu mpilipili, capsaicin, amatsegula kachitseko komweko. Ubongo umalandira uthenga wa moto, thukuta mpaka kutuluka. David Julius wa ku America ndi anzake anapeza zimenezi mu 1997, ndipo mu 2021 analandira Nobel pamodzi ndi Ardem Patapoutian amene anapeza timazitseko tomvera kukhudza. Menthol wa mu maswiti a chifuwa amachita zomwezo ku mbali ya kuzizira.

Chachitatu, timitengo tiwiri ta machisa. Mwana atsinzine zenizeni, kapena mum'mange chitenje kumaso. Gwirani timitengo tiwiri pamodzi motalikirana pang'ono, mukhudze nato khungu nthawi imodzi, mofatsa, osabaya, mufunse kuti ndi kamodzi kapena tiwiri. Pena muzikhudza ndi kamodzi kuti asangolota. Yambirani kunsonga kwa chala, muzisendeza timitengoto kufupi mpaka anene kuti kamodzi, muyeze ndi rula. Pa chala anthu amasiyanitsa olo mpata uli mamilimita awiri kapena atatu. Pitani pa mkono, kenaka kumsana. Kumsana mutha kutalikitsa masentimita atatu kapena anayi iye n'kumalumbira kuti ndi kamodzi. Kuyesa kumeneku ndi kwakale, Ernst Weber wa ku Germany analemba za iko mu 1834.

Chifukwa chake n'chakuti ku zala timitsempha tomvera tathithikana, ndipo mu ubongo zala zinapatsidwa munda waukulu pomwe msana wonse unapatsidwa kadimba. Dokotala wina ku Montreal ku Canada, Wilder Penfield, pochita opaleshoni anthu a khunyu ali maso ankakhudza ubongo ndi kamagetsi kochepa, wodwala n'kunena kuti ndamva pa mlomo, ndamva pa chala, ndipo mu 1937 anasindikiza mapu a thupi mu ubongo. Zinatheka chifukwa ubongo weniweniwo sumva kuwawa ukakhudzidwa. Pa mapu amenewo manja ndi milomo ndi zikuluzikulu. Ganizani amayi akusankha nsawa pa lichero, maso ali ku nkhani, zala zokha zikutaya zowola ndi timiyala. Munda waukulu uja ndi umenewo.

Za diso ndiye pali chodabwitsa chimene anthu ambiri amakalamba osachidziwa. Tengani pepala loyera, jambulani kamtanda kumanzere ndi kadontho kakuda kumanja, kakulu ngati njere ya nyemba, pakati pakhale masentimita 8. Tsekani diso lamanzere ndi dzanja. Ndi diso lamanja yang'anitsitsani kamtanda, osasuntha diso kupita ku kadontho olo mtima ukufuna. Yambani pepala lili kutali dzanja litatambasuka, muzibweretsa kufupi pang'onopang'ono. Cha pa masentimita 30 kadontho kazimiririka. Mukapitiriza kabweranso. Zikakanika ndiye kuti diso likuba, likuthawira ku kadontho, kapena pepala lapendama, yesaninso modekha.

Kumbuyo kwa diso kuli kansalu komva kuwala, retina, ndipo pali malo amodzi pomwe mtsempha wa diso umatulukira kupita ku ubongo. Pamenepo palibe maselo oona. Diso lililonse lili ndi bowo lotero, ndipo Edme Mariotte wa ku France analipeza m'zaka za m'ma 1660. Koma taonani bwino, pomwe kadontho kasowa simuona dzenje lakuda, mumaona pepala loyera. Manje jambulani mzere wautali wodutsa pa kadonthoko kuchokera pamwamba mpaka pansi, mubwereze. Kadontho kasowa koma mzere uoneka wathunthu, wosaduka. Ubongo wamata pobowoka ndi zimene zili m'mbali, ngati womanga akumata mng'alu wa khoma ndi dothi la pompo. Mwana wa mlongo wanga anabwereza kasanu, kenaka anapita kukaitana anzake a nyumba yoyandikana.

Malaiti akathima usiku musadandaule chabe, ndi labu imeneyo. Mu retina muli maselo a mitundu iwiri, ma rod pafupifupi mamiliyoni 120 amene amagwira mumdima koma sadziwa mtundu, ndi ma cone cha pa mamiliyoni 6 oona mitundu kukawala. Tulukani panja, foni m'thumba, mudikire. Maso amatenga maminiti 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima mokwanira, ndipo mukangoyatsa foni mwabwerera m'mbuyo. Onani kuti chitenje chofiira pa chingwe chasanduka chakuda bii. Sankhani kanyenyezi kozilala, mukakayang'ana mwachindunji kamasowa, mukayang'ana pambali pake pang'ono kamaoneka, chifukwa pakati penipeni pa retina pali ma cone okhaokha. Ndipo chitsa cha m'mbali mwa njira chikamaoneka ngati munthu wonjuta, ndi ubongo womwewo ukumata ndi zimene ukuopa. Ana ambiri mantha a usiku amachepa akamvetsa izi.

Lilime silitenga nthawi. Gulani maswiti a mitundu iwiri ofanana kukula, a olenji ndi a sitiroberi mwachitsanzo. Mwana atsinzine, atsine mphuno zolimba, mumuike imodzi m'kamwa. Anena kuti ikutsekemera koma kuti ndi iti zimuvuta. Akangosiya mphuno, dzina labwera. Lilime limadziwa zisanu chabe, kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa kwa ngati nimu, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama kumene Kikunae Ikeda wa ku Japan anakutcha umami mu 1908. Zotsalazo ndi ntchito ya mphuno, imene ili ndi mitundu pafupifupi 400 ya zolandirira fungo. Amene munadwala chimfine chachikulu kapena Covid n'kumamva nsima ndi nkhuku ngati mukutafuna pepala mukudziwa. Ngati m'kope la mwana muli chithunzi cha lilime logawidwa kuti kutsekemera ndi kutsogolo kokha, kuwawa kumbuyo kokha, dziwani kuti n'cholakwika, mbali zonse za lilime zomwe zimalawa zimamva zonse zisanu. Ikani kamchere kunsonga kwa lilime muone.

Makutu, mwana akhale pa mpando atatsinzina, inu muzigogoda masupuni awiri mbali zosiyanasiyana iye aziloza. Kumanja ndi kumanzere saphonya, chifukwa phokoso limafika khutu limodzi msanga ndiponso mokwezeka kuposa linalo ndipo ubongo umayeza kusiyanako. Gogodani pamwamba penipeni pa mutu kapena kumbuyo pakatikati, asokonezeka. Atseke khutu limodzi, asokonezeka kwambiri. Apa ndipemphe achinyamata a mahedifoni ndi abale athu a pa chigayo. M'kati mwa khutu muli kachigoba ngati ka nkhono, cochlea, momwe muli timaselo ta tsitsi tosandutsa kunjenjemera kukhala uthenga. Timeneti tikafa ndi phokoso sitimeranso. Mukachoka pa phwando makutu akulira kuti ziii, chimenecho ndi chenjezo.

M'khutu momwemo mulinso timachubu titatu ta madzi tomvera kutembenuka kwa mutu. Mwana akazungulirazungulira pa bwalo n'kuima, madziwo amapitiriza kuyenda ndiye dziko limaoneka ngati likuzungulira. N'zomwe zimachitikanso mu basi ya ku Lusaka mukafika m'makhota a ku Manenekela uku maso ali pa foni, maso akuti takhala phee, khutu likuti tikukhota, mseru wayamba. Ikani foni pansi muyang'ane kutsogolo kutali.

Titamaliza zonsezi, ambuya ake a mwanayo, amayi anga, amene ankationerera ali pa mphasa, anati nanenso mundiyese. Iwo ali ndi shuga zaka zingapo tsopano. Ndiye apa tcherani khutu, chifukwa masewera aja apa asanduka ntchito. Munthu wa shuga mitsempha ya kumapazi imatha kufa pang'onopang'ono, kuyambira ku zala, ndipo amatha kuponda munga kapena khala la moto osamva, chilonda n'kukula mpaka kuvuta. Kuyesa kwake, agone kapena akhale atatambasula miyendo, atsinzine. Ndi nsonga ya chala chanu khudzani mopepuka, sekondi imodzi kapena ziwiri, kunsonga kwa chala chachikulu cha phazi, chapakati ndi chaching'ono, mapazi onse awiri, osakankha, osakanda, iwo azinena kuti eya akamva. Akaphonya malo awiri kapena kuposa, pitani nawo ku kiliniki mukanene zimenezo. Banga loyererako pakhungu limene silimva mukalikhudza ndi thonje nalonso musalisunge, khate limayamba choncho ndipo limachira ndi mankhwala a kuchipatala. Ndipo munthu akangoti mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi yachita dzanzi kapena yafooka, kamwa yapotoka, mawu akutuluka mokoka, imeneyo itha kukhala sitiroko. Mbali yamanzere ya ubongo imayang'anira kumanja kwa thupi, yamanja kumanzere, n'chifukwa chake zimagwira mbali imodzi. Musadikire kuti kuche, musayambe ndi kuthowa, pezani galimoto mupite ku Chipata Central Hospital, kapena St Francis ngati muli cha ku Katete, kapena chipatala chilichonse chomwe chili pafupi.

Mwana uja ndiye anagwada pa mphasa, ati ambuya tsinzinani, musabe. Phazi lamanja anamva zala zonse zitatu. Lamanzere anamva chachikulu, koma chapakati ndi chaching'ono mwana anakhudza kawiri, ambuya ali chete kudikira kuti ayambe liti. Mwanayo anandiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu kuti alembe m'kope momwemo, pansi pa chojambula cha nyuroni. Lolemba m'mawa tinawakweza pa honda kupita ku kiliniki, kopelo lili m'chikwama, ndipo kuyambira tsiku limenelo madzulo aliwonse mwanayo amawayang'ana kuphazi ndi tochi ya pa foni, pakati pa zala ndi kuchidendene, asanalowe kukagona.